Ubweya wa Nguluwe pa Mutu wa Mkwatibwi

Mutu 7

1. Malamulo a atiya

Ku Kalomwe, mukangodutsa pamene malole a kachewere amaima podikira kuwolokera ku Dedza, pali kanyumba ka chitseko chimodzi ndi zenera limodzi. M'menemo ndi mmene mayi Bernardina ankakonzera azimayi tsitsi. Kanyumbako kanali kochepa, koma mbiri yake inkafika kutali.

Alzira anali mwana wa mkulu wawo wa mayi Bernardina, ndipo ankawaitana kuti atiya. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anachoka kumudzi ku Domwe chifukwa shikola, kunena sukulu, inali kutali, n'kudzakhala kwa atiya akewo. M'kati mwa sabata ankapita ku shikola, Loweruka ankaphunzira ntchito ya tsitsi. Manja ake anali opepuka, ndipo mwini wake ankadziwa zimenezo mopitirira muyeso.

Pa shelefu panali maburashi awiri. Ina inali yakuda, ya pulasitiki. Inayo inali ya chogwirira chathabwa, ya ubweya wofiirira, imene mayi Bernardina anakagula ku Tete. Iwo burashi iliyonse ankaitcha eshikova, monga amanenera anthu a kumeneko. Tsiku limene anamulola Alzira kugwira yathabwayo koyamba, anamukhazika pansi kaye.

"Mvetsera, iwe, chifukwa sindibwereza," anatero. "Eshikova iyi si chipeso. Usadzaiike pa tsitsi lonyowa kapena lopotana, ungolidula, mwini mutu n'kutuluka muno akukutukwana chamumtima. Uyambe walipesa ndi chipeso cha mano otalikirana, liume bwinobwino, kenako ndiye uitenge. Uziyambira pakhungu n'kumatsika pang'onopang'ono. Ubweyawu umatenga mafuta amene mutu umatulutsa wokha n'kuwafikitsa kunsonga, n'chifukwa chake tsitsi limagona n'kuwala popanda kulipaka zambirimbiri. Ukatha, uchotse tsitsi lotsalira, uitsuke ndi madzi ofunda ndi kasopo, uiyanike chozondotsa kuti madzi asalowe m'thabwa."

Alzira anagwedeza mutu n'kutambasula dzanja. Atiya ake sanamupatse.

"Zimenezo n'zazing'ono, ukaiwala ndingokukalipira basi. Chachikulu ndi ichi. Ubweya umenewu ndi wa nguluwe, m'bale wake wa nkhumba. Pano ndi pa malire. Pa mpando uwu pamakhala Akatolika, Asilamu, a Sabata, ndi ena osapemphera n'komwe. Ena sasamala, ena safuna kuti chilichonse cha nkhumba chiwakhudze. Si ntchito yako kuweruza kuti wolondola ndani. Ntchito yako ndi kufunsa. Munthu akakhala apa n'kutsinzina, wakubwereka mutu wake, sanakupatsiretu ayi. Akakana, um'konze ndi ya pulasitiki ija. Tsiku limene udzanamize munthu ali pa mpando wanga, udzamange katundu wako. Shapa ya ku Domwe imanyamuka tsiku lililonse."

Sankangoopseza. Natália, mtsikana amene ankaphunzira ntchitoyi Alzira asanabwere, anabwezedwa kwawo chifukwa chonamiza mayi wina za mankhwala owongolera tsitsi. Analira mpaka maso kutupa, koma shapa, minibasi ya kwawo, anakwera ndithu. Kwa Alzira, kubwerera ku Domwe kunali kutsanzikana ndi shikola n'kugwira khasu m'munda wa kachewere.

2. Loweruka la chifunga

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, tsiku la ukwati wa Nádia.

Nádia anali mwana wa bambo wina wachisilamu amene ankagulitsa makapulana, kunena zitenje, pafupi ndi msika. Anali wamkulu kwa Alzira ndi zaka zisanu, ndipo Alzira ankamuitana kuti mana, kutanthauza achemwali. Alzira atangofika kumene ku Kalomwe, atsikana anzake akumuseka chifukwa cha nsapato zong'ambika, Nádia ndiye ankamuperekeza mpaka pa chipata cha shikola. Sabata ya ukwatiyo anali atamupatsa kapulana yofanana ndi ya abale a mkwatibwi, kuti adzavale pa ukwati ngati wa m'banjamo.

M'mamawa foni ya mayi Bernardina inalira. Apongozi awo anali atamwalira ku Fonte Boa. Maliro a apongozi sungawaphonye chifukwa cha tsitsi la munthu, choncho anaimbira Nádia kuti apepese.

"Musadandaule, amayi," anatero Nádia. "Alzira alipo. Manja ake ndimawadziwa."

Mayi Bernardina anafunda nsalu yakuda n'kuima pakhomo. "Ndibwerako madzulo. Ukudziwa mutu wake ndi wa ndani?"

"Ndikudziwa, atiya."

"Eshikova iti?"

"Ya pulasitiki, atiya."

Anamuyang'ana pang'ono, kenako analowa m'chifunga.

Magetsi anali atazima, monga amachitira tsiku limene mukuwafunitsitsa. Alzira anakoleza makala pa mbaula kuti atenthetse madzi ndi chipeso chachitsulo chowongolera tsitsi. Kunkazizira mpaka zala kuuma. Popukuta shelefu anatsitsa zonse n'kuziika apa ndi apo, ndipo burashi ya pulasitiki anaisanjika m'mphepete mwa mbaula. Kenako anatenga foni kuti auze anzake kuti lero mkwatibwi akonzedwa ndi iyeyo, yekha, popanda woyang'anira. Mayankho anabwera ambiri, ndipo onse anafuna kuyankhidwa.

Chimene chinamudzidzimutsa ndi fungo. Anatembenuka n'kupeza mano a burashi ija atasungunuka, atagwirana kukhala chibumu chakuda.

Burashi yotere simukanaipeza pa msika wa Kalomwe m'mawa umenewo. Asanaganize chochita, anamva mapazi pakhonde. Anakankhira chibumu chija pansi pa matawulo n'kutsekula zenera kuti fungo lituluke.

3. Kuseri kwa katani

Nádia analowa ndi azakhali ake, Abiti Amade, mlongo wa bambo ake. Anali mayi wamtali, wosalankhula zambiri, amene ankaona chilichonse. Atangolowa anatseka katani kuti amuna odutsa mumsewu asaone mutu wa mkwatibwi.

"Chikununkha n'chiyani muno?" anafunsa.

"Ndi makalawa, amayi. Ngonyowa."

Limenelo linali bodza loyamba, ndipo linatuluka mosavuta.

"Tsono tamvera, mwanawe," anatero Abiti Amade pokhala pa benchi. "Mwambo uyamba akatha mapemphero a masana. Pagulu avala mpango, koma madzulo akazi a kuchimuna adzauchotsa m'nyumba kuti amuone mpongozi wawo. Maso a anthu amenewo ndimawadziwa. Ndikufuna asapeze ponena."

Alzira anagwira ntchito, ndipo tisamunyoze, anaigwira bwino. Anatsuka tsitsi, analiumitsa, analiwongola ndi chipeso chamoto osapsereza khutu ngakhale limodzi. Analuka timizere tiwiri kutsogolo n'kukokera lotsalalo kumbuyo kuti alimange pamodzi. Maola atatu anatha.

Vuto linatsala limodzi. Titsitsi tating'ono ta pachipumi ndi ta pankhongo tinakana kugona. Anatipesa, tinadzuka. Anatipaka mafuta n'kutisisita ndi chikhato, tinadzukanso.

"Tatsala ndi nthawi yochepa," anatero Abiti Amade. "Itoti tikuimiriranji ngati udzu?"

"Tigona, amayi."

"Bernardina amatigoneka ndi eshikova. Ili kuti?"

Pamenepo mpata unalipo. Akanati yapsa, akanangomukalipira n'kumanga mpango, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Alzira anali atauza kale anzake onse kuti lero ndi tsiku lake.

"Ilipo, amayi. Ndimalizira imeneyo."

Foni ya Abiti Amade inalira. Anali wa galimoto yodzatenga mkwatibwi, ndipo ankafuna kulongosoleredwa njira. Mayiwo anatuluka panja kuti akamve bwino.

Nádia anali atatsinzina. Sanagone mokwanira sabata yonseyo, ndipo kutentha kwa mbaula kunamufoola. Alzira anayang'ana katani, anayang'ana shelefu. Burashi yathabwa inali pamalo pake. Anaitenga n'kuiika pachipumi cha Nádia.

Anaiyendetsa kamodzi, kawiri, kuchokera pakhungu kutsika nayo monga anaphunzitsidwira. Titsitsi tija tinagona tonse. Tsitsi linayamba kuwala.

"Iii, koma imeneyi ikukoma," anatero Nádia osatsekula maso. "Ndinawauza ine kuti manja ako ndimawadziwa."

Alzira anapitiriza kuiyendetsa.

4. Funso la Abiti Amade

Abiti Amade atalowa anaima n'kuzungulira mpando wonse. Anaweramira kutsogolo, anasuzumira kumbuyo. Kenako anamwetulira, koyamba tsiku limenelo.

"Mashallah. Mwanawe, ndinakukayikira, koma ntchito waigwira. Akapeze ponena tione."

Nádia anadziyang'ana pa galasi n'kugwira pakamwa ndi chimwemwe. Alzira anabisa dzanja logwira burashi kumbuyo, koma anachedwa.

"Tabwera nayo ndione," anatero Abiti Amade. Anailandira n'kuisisita pa chikhato. "N'njofewa bwanji! Ndiye mwatibisira zabwino muno. Undibwereke lero, ndikakonzere tiatsikana tiwiri toperekeza mkwatibwi. Mawa ndibweza. Nanenso kumutu kuno kwachita nyankhalala, dikira ndiyese."

Anayamba kumasula mpango wawo ndi dzanja lamanzere, lamanja litanyamula burashi.

Alzira akanangokhala chete, galimoto inali m'njira, mkwatibwi anali wokongola, ndipo palibe akanadziwa. Burashi inakwera mpaka pafupi ndi imvi za mayiwo.

"Amayi, dikirani!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. Onse awiri anamuyang'ana.

"Musaiike kumutu. Ubweyawo ndi wa nguluwe."

Panja lole inadutsa ikulira, zenera n'kunjenjemera. Abiti Amade anatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kuika burashi ija pa tebulo. Anamanganso mpango wawo mosapupuluma.

"Imeneyi ndi imene wayendetsa pa mutu wa mwanayu?"

"Ee, amayi."

Nádia anadzuka pa mpando, manja ali m'mwamba pafupi ndi mutu koma osaugwira.

"Khala pansi, Nádia," anatero azakhali ake. Kenako anapumira m'mwamba. "Alzirayu sanadziwe. Waona dzina lake pa chogwirirachi pompano n'kudzidzimuka. Wolakwa ndi Bernardina. Munthu wamkulu, wokhala nafe zaka zonsezi, angasiye chinthu chotere pa shelefu osamuuza mwana? Ndiye kuti ndi kale akutiyendetsa zimenezi kumutu ife tili chitsinzinire. Azimayi a kwathu amva lero lomwe."

Khomo lothawira linali limenelo, ndipo analitsekula ndi Abiti Amade eni ake. Alzira ankangofunika kuwerama n'kulira pang'ono. Koma ankadziwa kuti atiya ake sanaikepo burashi imeneyo pa mutu wa munthu osamufunsa, ngakhale tsiku limodzi.

Anapita pa mulu wa matawulo, anatulutsa chibumu chakuda chija n'kuchiika pa tebulo.

"Atiya anandiuza, amayi. Anandiuza kalekale, ndipo m'mawa uno anandikumbutsanso. Iwo amakukonzani ndi iyi. Ndaiwotcha ndine pa mbaula. Ndinaopa kunena."

"Unkadziwa?" anafunsa Nádia. Mawu ake anali otsika kwambiri.

"Ndinkadziwa, mana Nádia."

"Pamene ndimakuyamikira paja, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Nádia anatembenukira kukhoma. Sanakuwe, sanatukwane. Misozi inangotsika yokha, ndipo zimenezo zinamupweteka Alzira kuposa mbama.

Abiti Amade anatembenukira kwa Alzira.

"Tamvera, mwanawe. Mwina mumtima ukuti, ubweya wouma ungachite chiyani pa tsitsi la munthu? Alipo ngakhale a chipembedzo chathu amene angakuuze kuti palibe kanthu. Kwathu sititero, ndipo iwe unkadziwa kuti sititero. Pa za ubweyawo Nádia alibe mlandu, pakuti sanadziwe, ndipo madzi alipo, titsuka. Chimene madzi sangatsuke n'chakuti anatsinzina pamaso pako. Mkazi amene savula mpango pamaso pa anthu wauvula muno chifukwa amati uli ngati mng'ono wake. Iwe unayang'ana katani, n'kuona kuti ndatuluka, n'kumusankhira wekha chimene akanakana. Unafuna kuti tsitsi likome kuti dzina lako likome. Kuti wanena, ndamva, ndipo kuti sunamukankhire Bernardina mlandu, ndamvanso. Sindidzaiwala zimenezo. Koma usayese kuti kunena kumabweza zimene zachitika. Tenga beseni."

5. Madzi

Panja hutala ya galimoto inalira.

Abiti Amade anasuzumira pa katani n'kuuza woyendetsa kuti adikire. Kenako anapinda manja a diresi yawo ya ukwati n'kuyamba kumasula tsitsi la Nádia. Alzira anasendera kuti athandize.

"Iwe gwira beseni basi. Mutuwu usaukhudzenso."

Choncho Alzira anagwada n'kugwira beseni, akuona ntchito yake ya maola atatu ikutha. Madzi atangolikhudza, tsitsi lowongoledwa lija linabwerera mwakale, n'kufupika n'kupotana. Analitsuka, anataya madzi, analitsukanso. Madzi ofunda atatha anathira ozizira, Nádia n'kumanjenjemera mano akugundana. Hutala inaliranso, kawiri.

Nthawi yoliumitsa panalibe. Abiti Amade analipukuta ndi tawulo n'kuluka mizere inayi ikuluikulu, ya tsiku ndi tsiku, imene mtsikana amalukitsa popita kumunda. Anaphimba ndi mpango woyera tsitsi likadali lonyowa. Umenewo ndiwo mutu umene akazi a kuchimuna akauone madzulo.

Pakhomo Nádia anaima, osatembenuka.

"Ukanangondiuza kuti yapsa, Alzira. Ndikanaseka. Ndikanapita ndi titsitsi tangato toimirira, ndili wosangalala."

"Pepani, mana."

"Kapulana ija usunge, ndinakupatsa kale. Koma lero usabwere."

Anatuluka. Abiti Amade anatsalira pang'ono akukonza manja a diresi yawo, imene tsopano inali ndi madontho a sopo.

"Mawa m'mawa ndibwera kudzaonana ndi Bernardina," anatero. "Zimene ndidzanene ndikudziwa ndine. Zimene umuuze usiku uno ukudziwa ndiwe."

Galimoto inanyamuka.

6. Maburashi awiri pa tebulo

Alzira analira kaye, analira kwambiri, atakhala pansi pafupi ndi madzi otayika. Kenako anadzuka n'kukolopa. Anachotsa tsitsi la Nádia m'burashi yathabwa, anaitsuka ndi madzi ofunda ndi kasopo, n'kuiyanika chozondotsa. Malamulo aang'ono onse anawasunga bwinobwino.

Dzuwa litapendeka, nthungululu zinayamba kumveka kuchokera kuseri kwa msika. Kapulana yake inali pa msomali, yopindidwa bwino, yosavalidwa.

Njira zina zinalipobe. Akanatha kutaya chibumu chakuda chija m'dzenje la zinyalala n'kudikira za mawa. Anachinyamula mpaka pakhomo, anaima, n'kubwerera nacho. Anachiika pakati pa tebulo, pambali pake n'kuikapo burashi yathabwa ija, kuti wolowa aliyense ayambe waona zimenezo. Atatero anakhala pa benchi, manja ali pamiyendo.

Shapa ya ku Ulongwe, yodzera ku Fonte Boa, inaima tsidya la msewu dzuwa lili pafupi kulowa. Mayi Bernardina anatsika ali ndi fumbi m'mapazi, maso ofiira ndi kulira kwa ku maliro. Anawoloka msewu mwaulesi n'kukankha chitseko.

"Iwe, ukadali muno? Ndimayesa uli ku ukwati. Nanga mkwatibwi wathu anatuluka bwa—"

Maso awo anagwera pa tebulo. Anayang'ana burashi yopsa. Anagwira ubweya wa yathabwa ija n'kupeza ukadali wachinyezi. Anayang'ananso kapulana pa msomali.

Sanakuwe. Anaika chikwama pansi, anatseka chitseko n'kukoka katani. Kenako anagwira mpando uja, mpando umene bodza sililoledwapo, n'kuutembenuzira kwa Alzira.

"Khala apa," anatero. "Ndikufuna ndimve zonse, ndipo undiyang'ane m'maso. Uyamba ndi eshikova iti?"